Chonde cha M'munda N'cha Yani?

Mvula ikagwa mwamphamvu mu Disembala, mitsinje yambiri ya m'dziko muno imasintha mtundu tsiku limodzi lokha. Mtsinje wa Linthipe, umene umasonkhanitsa madzi a ku Dedza ndi a ku Lilongwe n'kukawathira m'nyanja ku Salima, umafiira ngati thobwa la mawere. Woima pa mlatho amangoti mtsinje wadzaza, chaka chino mvula ilipo. Koma chofiiritsa madziwo ndi minda ya anthu. Ndi dothi lapamwamba lija mbewu zimadyamo, pamodzi ndi manyowa amene wina anatuta pamutu ndi feteleza amene wina anagula atagulitsa mbuzi. Kafukufuku amene bungwe la FAO linachita pamodzi ndi mabungwe ena anapeza kuti mu 2014 hekitala imodzi ya nthaka m'Malawi inkataya dothi lokwana matani 29 pa chaka, powerengera madera onse pamodzi. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50, ochoka popanda ngolo, popanda wakuba woti n'kumukuwira.

Pabwalo la mfumu milandu ya minda siisowa. Wina akalowerera mzere umodzi wokha m'munda mwa mnzake, mboni zimaitanidwa, akuluakulu amapita kukaona chulu kapena chitsa chimene makolo anaika ngati malire, ndipo wolakwa amalipa nkhuku. Koma n'kovuta kumva kuti munthu waitanidwa kubwalo chifukwa mchenga wochoka m'munda mwake wakwirira dimba la mnzake kumunsi, kapena chifukwa wasiyira ana ake munda woguga umene iye anaulandira uli wachonde. Munthu akulima munda wakewake, sanalumphe malire a wina aliyense, feteleza wagula ndi ndalama za thukuta lake. Kodi munthu wotere angalakwire mnzake ndi kalimidwe kake kokha? Ambiri angayankhe msanga kuti ayi, munda ndi wa mwini wake. Yankho limeneli likanakwanira chikhala kuti madzi amaima pa malire.

Ndi bwino kuyamba ndi kudziwa chimene chimachoka m'mundamo. Chimanga chimadya kwambiri mchere umodzi wa m'nthaka wotchedwa nayitrojeni. Mcherewu ukasowa, masamba amachita chikasu kuyambira am'munsi, phesi limaonda, ndipo chimanga chake chimakhala ngati chala. Chodabwitsa n'chakuti nayitrojeni ngwochuluka zedi: mwa magawo 100 a mpweya umene anthu amapuma, 78 ndi nayitrojeni, koma chimanga sichingamutenge mumlengalenga. Mu 1909 katswiri wina wa ku Germany, Fritz Haber, anapeza njira yomukoka mumpweya, ndipo mu 1913 Carl Bosch anamaliza kumanga fakitale yoyamba yochita zimenezi. Feteleza wobereketsa wa yureya amene akugulitsidwa m'misika lero anachokera pa ntchito imeneyo. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni.

Vuto lake n'lakuti mcherewu ndi wosakhazikika. Yureya akangomwazidwa pamwamba osakwiriridwa, wina amauluka ndi kutentha. Akalowa m'dothi lachinyontho amasungunuka, ndipo pakapita masiku tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'nthaka timamusandutsa mchere wotchedwa nitrate. Umenewu mizu imaumwa mosavuta, koma dothi siliugwira: kumene madzi alowera, nawonso umalowera komweko. Padziko lonse lapansi mbewu zimangodya pafupifupi theka la nayitrojeni amene alimi amathira, nthawi zina osafika n'komwe. Kuti wotsala m'munda achuluke kapena achepe zimadalira nthakayo. Dothi lokhala ndi zowolerana zambiri lili ngati chinkhupule, limasunga madzi ndi chakudya, mizu n'kumamwa pang'onopang'ono. Dothi limene lakhala likulimidwa chimanga chokhachokha zaka 30, mapesi akutenthedwa chaka ndi chaka, lili ngati dengu lotungira madzi. N'chifukwa chake alimi amadandaula kuti nthaka yazolowera feteleza, kuti matumba amene kale ankadzaza nkhokwe lero sakufikitsa ndi pakati pomwe. Nthaka sinazolowere kanthu, yangotha mphamvu yosunga zimene yapatsidwa. Ikafika pamenepo kaufiti ndiye amalowa ufumu.

Feteleza wothawayo amapita kuti? Wina amatsika pansi mpaka m'zitsime. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika muyeso wakuti madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a nitrate pa lita imodzi, makamaka chifukwa cha makanda, amene magazi awo amalephera kunyamula bwino mpweya akamwa madzi otere. Madziwo amaoneka oyera, sanunkha, ndipo kuwawiritsa kapena kuthiramo klorini sikuchotsa mcherewo. Wina amatsata mtsinje, ndipo kumeneko amagwira ntchito yomwe ija anagulidwira, yokulitsa zomera, kungoti tsopano akukulitsa ndere ndi namasupuni. Amene anadutsapo pa Liwonde amadziwa mmene zomera zoyandama zimaunjikiranira pa Kamuzu Barrage. Kumunsi kwake, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kampani ya EGENCO imalimbana ndi matope ndi zinyalala zomwezo kuti makina opanga magetsi azungulire, ndipo pa Walker's Ferry, mumtsinje wa Shire momwemo, ndi pamene mzinda wa Blantyre umapopa madzi ake ambiri akumwa. Nsomba ya mpasa, imene imakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaikira mazira pa timiyala toyera, imapeza timiyalato titakwiririka ndi matope. Si zonsezi zochokera m'minda. Kudula mitengo, zimbudzi ndi zonyansa za m'mizinda zili ndi gawo lake. Komabe gwero limodzi lalikulu ndi munda umene mvula imaupeza uli mbee, wopanda chophimba.

Kumene njira imeneyi imathera feteleza akachuluka kwenikweni kukuoneka bwino ku America, m'chigawo cha Iowa, chimene chimalima chimanga chambiri kuposa chigawo china chilichonse m'dzikolo. Minda yakumeneko ndi ikuluikulu, ndipo pansi pa yambiri anakwirira mapaipi ochotsa madzi kuti dothi lisachite lowe. Mapaipiwo amatulutsa madzi pamodzi ndi nitrate n'kuthira m'mitsinje. Mzinda wa Des Moines umamwa madzi a mitsinje iwiri yotere, ndipo bungwe lake la madzi linachita kumanga makina apadera ochotsera mcherewo. Mu 2015 bungwelo, litatopa ndi kulipira, linasumira maboma atatu akumtunda. Mu 2017 khoti linataya mlanduwo, kunena kuti nkhaniyo ndi ya opanga malamulo. Chaka chomwecho, kutali kumunsi kumene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja ya Gulf of Mexico, akatswiri anayeza dera limene ndere zimamera mopitirira, n'kufa, n'kuwola, n'kumaliza mpweya wa m'madzi mpaka nsomba kuthawa kapena kufa. Deralo linakwana pafupifupi masikweya kilomita 22,700, ngati magawo atatu mwa magawo anayi a Nyanja ya Malawi. Asodzi a ku Louisiana amene amavutika nazo, ambiri a iwo sanaonanepo ndi mlimi wa ku Iowa.

Mlandu wa ku Des Moines ukusonyeza pamene pagona chovuta. Mlimi aliyense wakumtunda akhoza kulumbira moona kuti thumba lake lokha silinaphe nsomba ngakhale imodzi, ndi kuti atasiya kuthira iye yekha mtsinje sungasinthe. Onse akunena zoona, koma mtsinje waipa. Zili ngati kanjira kachidule kodutsa pakati pa munda wa nkhalamba. Palibe phazi limodzi limene linapha mbewu, aliyense anangodutsa akuthamangira kumaliro kapena kuchigayo, koma pofika Febuluwale pali msewu. Khoti limafuna dzina la munthu mmodzi ndi kukula kwa chimene wawononga, ndipo likasowa zimenezi limaikapo manja pansi. Chikumbumtima sichigwira ntchito choncho. Munthu amene wadziwa kuti phazi lake ndi limodzi mwa mapazi opanga msewuwo sangabisalenso kumbuyo kwa kuchepa kwa gawo lake, popeza aliyense akubisala pomwepo. Ku Iowa komweko njira yochepetsera vutoli ikudziwika: kubzala mbewu yonga tirigu yotchedwa rye akangokolola, kuti mizu yake igwire nitrate wotsala kufikira nthawi yobzalanso. Ndondomeko imene boma la Iowa linatulutsa mu 2013 inawerengera kuti kutero kumachepetsa nitrate wothawa ndi pafupifupi magawo 31 pa 100. Koma popeza palibe lamulo lokakamiza, ndipo wopindula msanga ndi mlendo wakumunsi, minda yophimbidwa motero idakali yochepa.

Tsono pano wina akhoza kukwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Mlimi wa ku Iowa si mlimi wa ku Dowa. Wa ku Dowa ali ndi munda wosakwana hekitala, ndipo kwa iye chaka chabwino ndi chimene dzina lake latuluka pa mndandanda wa matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Amene anaona njala ya 2002 sangaiwale chifukwa chimene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsira makuponi mu 2005, ndiponso mmene nkhokwe zinadzazira zaka zotsatira. Atsogoleri a mayiko a mu Africa atakumana ku Abuja mu 2006 anadandaula kuti alimi awo akuthira makilogalamu 8 okha pa hekitala, ndipo anagwirizana zofika pa 50. Thumba la AIP limene linali K4,495 mu 2020 linafika K15,000 mu 2022, ndipo la m'sitolo ndiye ambiri amangoliyang'ana. Kuuza mayi amene akuyeza thumba limodzi ndi kachitsekero ka botolo kuti achepetse feteleza pofuna kuteteza nsomba ndi chipongwe. Feteleza si tchimo. Anthu mabiliyoni akudya lero chifukwa cha iye, ndipo malangizo oiwala zimenezi ndi a munthu wokhuta.

Koma mkwiyo umenewu suthetsa funso, umangolisintha. Kwa wothira mopitirira, chilungamo chikufuna kuti achepetse. Kwa wothira pang'ono, nkhani ndi yakuti pang'ono pakepo pakhale m'munda. Apa zabwino za mwini ndi za mnansi zikuyenda njira imodzi, zimene sizichitikachitika. Chibuluma chilichonse chokokoloka ndi kanjere kalikonse ka yureya kothawa ndi kutaya kwa mwini munda, ndipo zomwezo ndi matope ndi ndere kwa wakumunsi. Wosauka ndiye amataya kwambiri, popeza chimene chapita alibe chobwezerapo.

Njira yosungira si yachilendo. Agogo amene ankabzala maungu, khobwe ndi nkhungudzu pakati pa chimanga ankachita zimene alangizi lero akuzitcha mbewu zophimba nthaka. Masamba amalandira dontho la mvula lisanamenye dothi, mizu imamanga dothilo, ndipo zotsalira zikawola zimabwezera chinkhupule chija. Mbewu za mtundu wa nyemba zimaposa pamenepo. Wozula mtedza kapena soya akayang'anitsitsa mizu amaona timibulu. Akaphwanya kamodzi n'kupeza kofiirira mkati, ndiye kuti muli tizilombo timene tikukoka nayitrojeni mumpweya n'kupatsa mbewuyo, ntchito yomwe ija ya fakitale ya Bosch, koma yaulere. Nandolo amakula pang'onopang'ono miyezi yoyamba, choncho amagwirizana ndi mtedza m'munda umodzi. Mtedza ukakumbidwa, nandolo amatsala ali chiimire mpaka Ogasiti kapena Sepitembala, mizu yake ikuboola pansi, masamba akuyoyoka n'kuyala mphasa padothi. Chaka chotsatira chimanga chobzalidwa pamenepo chimachita bwino ndi feteleza wochepa. Kalongonda amaphimba munda wonse mpaka udzu kusowa popumira. Mtengo wa msangu, wodziwika ku Salima ndi m'madera ena a m'mbali mwa nyanja, uli ndi khalidwe losiyana ndi mitengo ina: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndiye sutchinga dzuwa, ndipo chimanga cha pansi pake chimaoneka kubiriwira kuchokera patali. Ku Makoka, pafupi ndi Zomba, akatswiri akhala akuyesa gliricidia pakati pa chimanga kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Nawo manyowa a Mbeya, amene alimi amapanga posakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, gaga ndi phulusa n'kuvundikira masabata atatu, ndi nzeru yomweyo yotalikitsa thumba limodzi.

Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba nkhaniyi siinayambire kumunda koma kuchipatala. Ogwira ntchito pa chipatala cha mishoni kumeneko ankalandira ana ambiri onyentchera, makolo akunena kuti nthaka yatha ndipo feteleza sangamukwanitse. Mu 2000 anayamba pamodzi ndi alimi ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities, yoyesa mbewu za mtundu wa nyemba pa timinda tating'ono. Alimi ambiri anasankha zodyedwa, monga mtedza, nandolo ndi soya, m'malo mwa zongokonza nthaka, ndipo kusankha kumeneko kunali kwanzeru. Patapita zaka, ofufuza anapeza kuti ana a m'midzi imene inalimbikira ntchitoyi ankakula bwino kuposa kale. Anapezanso kuti mbewu yokha siikwanira. Panafunika kukambirana m'mabanja kuti ndani akwirire zotsalira za mtedza dzuwa likuswa mtengo, ndani asunge ndalama zogulitsa, ndi kuti utsale wochuluka bwanji wa phala la mwana.

Nanga ngati njira ilipo, bwanji minda yambiri idakali mbee? Si ulesi. Chigawo chopatsidwa nandolo ndi mtedza ndi chigawo chochotsedwa ku nsima ya chaka chimenecho, ndipo chonde sichibwerera ndi dzinja limodzi. Kawirikawiri pamafunika zaka ziwiri kapena zitatu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo banja limene ufa umatha mu Novembala silingadye lonjezo. Msika nawo unakhumudwitsapo anthu. Dziko la India, limene linkagula nandolo wambiri wa kuno, litachepetsa kugula mu 2017 mtengo unagwa kwambiri, ndipo alimi ambiri amene anamvera malangizo anagwa mphwayi.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amaika nkhani ya kusamala zolengedwa pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba. Poyamba zimadabwitsa, chifukwa munthu angabe bwanji m'munda mwake momwe? Ganizo lake n'lakuti dziko linaperekedwa kwa anthu onse, akale, alero ndi osabadwa, ndipo umwini wa munthu mmodzi ndi woona koma uli ndi polekezera. Buku la Levitiko, mutu 25, limalamula kuti munda upumule chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo limaletsa kugulitsa malo mpaka kalekale popeza mwini wake weniweni ndi Mulungu. Papa Francis anabwerera ku mfundo imeneyi m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015. Mwambo wa kumudzi sunali kutali ndi zimenezi. Munda unali wa mbumba, wolimayo anali wousunga, ndipo ukatopa ankaugoneka n'kukatsegula mphanje kwina. Lero kulibe kwina. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, pa nthaka yomweyo. Tsala lasanduka chinthu cha m'nthano. Mbewu zophimba nthaka ndiyo njira yatsala yoti munda upumule uku ukudyetsa anthu. Choncho wolandira munda wachonde n'kuusiya uli gwaa, pamene anali ndi mwayi wochita mwina, wadya gawo la mdzukulu wake, ngakhale mdzukuluyo sangamuitanire kubwalo.

Mawu akuti pamene anali ndi mwayi ndi ofunika, chifukwa kulakwa kumayezedwa ndi zimene munthu akudziwa ndi zimene angathe. Mayi wamasiye wa theka la ekala, amene amathera Disembala yense pa ganyu m'minda ya eni ake, sayenera kutuluka m'tchalitchi atasenzetsedwa katundu wina. Katunduyo ali ndi eni ake, ndipo ambiri a iwo sadziona ngati okhudzidwa. Pali wolima tomato ndi kabichi m'dimba lofika pagombe penipeni pa mtsinje, atadula bango ndi nsenjere zonse, akuthira feteleza mobwerezabwereza n'kumathirira madzi obwerera mumtsinje momwemo. Ameneyu ndiye wafanana kwambiri ndi wa ku Iowa, kusiyana kwake n'kwakuti iye otunga madzi kumunsi amawadziwa ndi mayina omwe. Pali eni minda ikuluikulu, amene akhoza kuyezetsa dothi lawo n'kudziwa muyeso woyenera. Palinso boma, limene zaka zambiri lakhala likuthira gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi ku feteleza wotsika mtengo pamene mlangizi mmodzi akuyang'anira alimi oposa 1,000, pamodzi ndi ovota amene amayeza boma ndi thumba lokha.

Minda ya lendi ndiyo ikufunika kuikhalira pansi. Munthu wa pantchito m'tauni amabwereka ekala kumudzi kwa chaka chimodzi, amathira feteleza wokwanira, amakolola, n'kutumiza lole. Sangabzale gliricidia kapena kututira manyowa pa munda umene chaka chamawa ulimidwa ndi wina, ndiye amafinya chimene angathe n'kuchoka. Akapezeka wina wamtima wabwino n'kuthira manyowa zaka ziwiri, mwini munda amaona chimanga chasintha, amakumbukira mwadzidzidzi kuti mphwake akusowa polima, kapena amakweza mtengo. Wobwereka aliyense amaphunzirapo kuti kukonza munda wa eni ake ndi uchitsiru. Awiri onsewa sanaphwanye pangano lililonse, koma panganolo linamangidwa moti woluza akhale nthaka. Mwini munda amene amalanda munda chifukwa wakonzedwa wakolola thukuta la mnzake, ndipo dzina la mchitidwe umenewo lili m'lamulo lija lachisanu ndi chiwiri. Pangano la zaka zitatu kapena zinayi, lomangidwa pamaso pa mfumu ndi mboni, lonena kuti mapesi satenthedwa ndipo chaka chimodzi padzakhala mtedza kapena soya, silifuna thandizo la kunja. Zofanana ndi izi zimaoneka pa chikamwini. Mwamuna amene amakumbutsidwa pa mkangano uliwonse kuti pano ndi pa eni ake sachedwa kudzifunsa chifukwa chimene angabzalire msangu umene mwina sadzauona utakula. Kunena izi si kumuikira kumbuyo, popeza ana odzadya mundawo ndi ake omwe, koma akuchikazi amene amamukumbutsawo nawonso ali ndi gawo pa mtengo wosabzalidwawo.

Kenaka pali moto ndi mbuzi, zimene zimaoneka zazing'ono koma zafooketsa alimi ambiri. Munthu amayala mapesi m'munda mwake mu Juni ndi Julayi, tsiku lina masana anyamata osaka mbewa n'kuyatsa, ntchito ya mwezi wathunthu n'kusanduka phulusa chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi. Utsi umenewo umachuluka mu Sepitembala, nyengo yomweyo imene Akhristu amapempherera chilengedwe kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 4 Okutobala. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati, kukolola kukangotha ziweto zimamasulidwa kuti zidye paliponse, ndipo mwambowu uli ndi nzeru yake, chifukwa wopanda msipu nayenso amadyetsa. Koma unakhazikika pa kaganizidwe koti chimanga chikachoka m'munda simutsala kanthu. Woyamba kubzala nandolo m'mudzi wotere amadyetsa mbuzi za mudzi wonse, ndipo akakadandaula amauzidwa kuti anaziputa dala. Ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, kumene nandolo ali m'minda yambiri, mbuzi zimamangidwa kapena kuyang'aniridwa ngakhale m'chilimwe, chifukwa mwini mbuzi nayenso ali ndi nandolo wake woti n'kudyedwa.

Mudzi umene ukufuna kusintha uyenera kupempha mwini mbuzi amene alibe nandolo kuti amange ziweto zake, azimweta udzu ndi kuzitungira madzi miyezi itatu kapena inayi, chifukwa cha chonde cha m'munda wa mnzake ndi madzi a mudzi wina umene mwina sanafikeko. Si pempho laling'ono, ndipo iye ali ndi ufulu wofunsa chimene apezepo: makoko ndi masamba a nandolo oti adyetse mbuzizo pokolola, kapena mbewu yoti chaka chamawa nayenso abzale. Zokambirana zotere zimayenera kuchitika mu Epulo kapena Meyi, chimanga chisanalowe m'nkhokwe, ziweto zisanamasulidwe, ndipo m'midzi yambiri anthu okhala pamkeka wa mphakati mkati mwa sabata ndi omwewo okakhala pabwalo la mfumu Loweruka.